Ndigule galimoto kapena ndipitirize kukwera basi?

"Ndine mayi wa ana awiri. Kuchokera kunyumba kukafika kuntchito ndi makilomita 12, koma ndimakwera mabasi awiri popita, awirinso pobwera, ndipo masiku ena ndimafika mochedwa chifukwa chodikira pa siteji. Mnzanga wa kuntchito akugulitsa galimoto yake yaing'ono yomwe yatha zaka 11. Iye akuti ndalama imene ndimalipira pa basi mwezi wonse ikungofanana ndi ya mafuta. Kubanki avomera kundipatsa ngongole yobweza pa zaka zitatu. Amuna anga akukana, akuti galimoto ndi mwana wina pakhomo. Kodi akunena zoona ndani?"

Mayi, mtima m'malo. Mkangano umene wabuka pakhomo panuwu ndauona m'mabanja ambiri pa zaka zoposa 20 zimene ndakhala ndikuyang'anira magalimoto a makampani ndi kuwerengera maulendo a mabasi. Mnzanuyo sakukunamizani, amuna anunso sakulakwitsa. Kungoti aliyense akuwerenga ndalama yosiyana ndi imene mnzake akuwerenga.

Tiyambe ndi mawu a mnzanuyo. Makilomita 12 popita ndi 12 pobwera ndi 24 pa tsiku, ndipo pa masiku 22 a ntchito akukwana 528. Galimoto yaing'ono ya petulo yoyenda m'tauni, moima ndi kunyamuka pafupipafupi, imamwa malita 7 mpaka 10 pa makilomita 100 aliwonse. Titenge malita 9, poti galimotoyo ndi yokalamba. Ndiye kuti pamwezi muzigula malita pafupifupi 48. Chulukitsani ndi mtengo wa lita imodzi, kenako muyerekeze ndi matikiti 88 amene mumalipira pamwezi, anayi pa tsiku. N'kutheka ndithu kuti ziwerengero ziwirizi zayandikana, ndipo n'chifukwa chake mawu a mnzanuyo akukukomerani m'khutu.

Koma taonani zimene zili mu tikiti ya basi. Muli mafuta, inde, komanso muli malipiro a dalaivala, matayala, oyilo, inshuwalansi, msonkho, makaniko, ngakhalenso ndalama yodzagulira basi ina iyi ikadzatha. Zonsezo mwagawana ndi anthu ena onse amene akwera tsiku limenelo. Mukalipira n'kutsika, mwathana nayo basiyo. Ikaphulika tayala usiku, si nkhani yanu. Ndalama ya mafuta ndi chidutswa chimodzi chokha cha mtengo wa galimoto. Kuyerekeza ziwirizi kuli ngati kuyika mtengo wa nyumba yonse mbali imodzi ya sikelo, mbali inayo n'kuyikako mtengo wa denga lokha.

Anthu amene ndinkawaphunzitsa ntchito ndinkawauza kuti galimoto imadya pawiri: imadya ikuyenda, imadyanso itagona. Zodya ikuyenda ndi mafuta, oyilo, matayala, mabuleki ndi ndalama yolipira poimika. Izi n'zoonekera, ndipo mukasiya kuyenda nazonso zimaima. Zodya itagona ndi inshuwalansi, msonkho wa pamsewu, ndalama yoyezetsera galimoto, chiwongoladzanja cha ngongole ndi kutsika kwa mtengo wake. Izi sizifunsa kuti mwezi uno mwayenda kapena ayi. Katswiri wina wa ku America, Donald Shoup, yemwe anatha zaka zambiri akufufuza za malo oimika magalimoto, ankakumbutsa anthu kuti galimoto wamba imakhala itangoima pafupifupi 95 peresenti ya nthawi yonse. Dziwerengereni nokha: yanuyo iziyenda ola limodzi kapena awiri pa maola 24. Maola ena onsewo izikhala pabwalo, koma ikudya.

Pa zodya itagonazi, chimene chimapusitsa anthu kwambiri ndi kutsika kwa mtengo, chifukwa chilibe lisiti. Palibe tsiku limene munthu amakulemberani bilu yake. Mumangodzachiona tsiku logulitsa. Tiyerekeze kuti mtengo wa galimotoyo ndi magawo 100. Mukadzaigulitsa pakatha zaka zitatu pa magawo 70, ndiye kuti magawo 30 aja munawadya mukuyenda, magawo 10 chaka chilichonse, ndipo ayenera kulowa m'chiwerengero chanu cha pamwezi monga momwe mafuta akulowera. Wina akuuzani kuti iye anagulitsa galimoto yake pa ndalama yoposa imene anagulira. Mufunseni ngati ndalamayo inakwanira kugula galimoto ina yofanana ndi mmene yake inalili tsiku limene ankaigula. Pamene mitengo ya zinthu ikukwera mofulumira, nambala ya papepala imakula pamene mphamvu yake ikuchepa. Mwayi wanu ndi woti galimoto ya zaka 11 inatsika kale mtengo kwambiri, chifukwa kugwa kwakukulu kumachitika m'zaka zoyambirira. Koma zimene mwapulumutsa pamenepo zimakadikira kugalaja. Pa msinkhu umenewu ndi pamene zipangizo za mphira zimayamba kuuma, mashoko kufooka, pampu ya madzi kudontha, kilatchi kutha. Batire limakhala zaka zitatu mpaka zisanu. Matayala abwino amatha pa makilomita 40,000 kapena 50,000, ndipo ngakhale osayenda kwambiri amakalamba ndi zaka. Palibe chodabwitsa pa zonsezi. Vuto lake n'loti sizibwera mwezi umene mwakonzeka.

Ndiye pali ngongole, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhale tcheru kwambiri. Mukamadzamaliza kubweza, galimotoyo idzakhala ndi zaka 14. Banki imadula ndalama yake mwezi ndi mwezi, galimoto ikuyenda kapena isakuyenda. Ndinagwirapo ntchito ndi bambo wina amene anatenga ngongole yotere. Galimotoyo inali yosalala, yonyezimira, ndipo miyezi isanu ndi iwiri yoyamba ankatipatsa moni pa windo ife tili pa siteji. Mwezi wachisanu ndi chitatu lamba wa mkati mwa injini, uja amayendetsa mavavu, anaduka ali pamsewu, mavavuwo n'kupindika. Ndalama yokonzera analibe, poti yonse yotsala inkapita kubanki. Galimoto inakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yake miyezi isanu, matayala awiri ataphwa, masamba atadzaza pansi pa mawaipa. M'mawa uliwonse tinkakwera limodzi basi, makiyi a galimoto akulendewera palamba wa buluku lake. Ankalipira pawiri: tikiti ya basi ndi ngongole ya chinthu chosayenda. Lamba uja akanasinthidwa pa nthawi yake akanadya kagawo kakang'ono chabe ka ndalama imene injini inadzadya. Palibe anamuuza kuti afunse za lambayo pogula. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Palinso china chokhudza mtunda wanu. Makilomita 528 pamwezi ndi 6,336 pachaka, ndipo tikawonjezera maulendo a kumapeto kwa sabata mwina afika 8,000. Ndi ochepa. Ndalama zodya itagona zija zikagawidwa pa makilomita ochepa, kilomita iliyonse imadula. M'mabuku amene ndinkasunga, galimoto yoyenda pang'ono chotere mafuta ake kawirikawiri sankafika theka la ndalama zonse za pachaka. Nthawi zambiri ankakhala cha m'ma gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho njira yachidule ndi iyi: tengani ndalama ya mafuta imene mnzanu wakuuzani, muichulukitse kawiri kapena katatu. Imeneyo ndiyo muiyerekeze ndi matikiti anu 88. Musaiwalenso kuti galimoto imabala maulendo. Mukangogula, ulendo uliwonse umaoneka wotchipa chifukwa mukuona mafuta okha, ndiye kumene munkapita wapansi muyamba kupita pa galimoto, ndipo abale ndi anzanu adziwa msanga kuti pakhomo panu pali mayendedwe.

Ndikasiyira pomwepa ndikhala ndakondera amuna anu, pamene kalata yanu ikudandaula kwambiri za nthawi kuposa ndalama. Dandaulo limenelo ndi loona ndipo lili ndi mtengo wake. Okonza mayendedwe a m'mizinda amadziwa kuti mphindi imodzi yodikira pa siteji imalemera kwa wokwera ngati mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri zokhala m'basi yoyenda, ndipo amaiwerengera motero akamakonza njira. Basi ikamabwera mphindi 10 zilizonse, kudikira kwanu kumakhala pafupifupi mphindi 5. Ikamabwera mphindi 40 zilizonse, mumadikira pafupifupi 20, ndipo inu mumadikira kanayi pa tsiku. Choipa koposa n'chakuti simudziwa kuti lero zikhala bwanji. Munthu wofunika kufika 8 koloko sanyamuka potengera tsiku labwino, amanyamuka potengera tsiku loipa, ndiye amataya mphindi 30 m'mawa uliwonse pofuna kudziteteza ku tsiku limodzi pa sabata. Kumene basi sinyamuka mpaka itadzaza, vutoli limakula. Ndikukhulupirira kuti chimene chikukutopetsani inu ndi kusintha basi pakati pa njira, osati mtunda. Makilomita 12 si kutali.

Galimoto ili ndi mphamvu ziwiri zimene basi singapikisane nazo. Yoyamba ndi ya chiwerengero cha anthu. Mukakwera basi anthu anayi, matikiti ndi anayi. Mukakwera galimoto anthu anayi, mafuta amangowonjezeka pang'ono. Yachiwiri ndi ya maulendo olumikizana. Njira za mabasi zambiri zinakonzedwa ndi maganizo a munthu wochoka kunyumba kupita pakati pa tauni n'kubwerera. Koma tsiku la mayi wa ana awiri silimayenda choncho: kusiya mwana kusukulu, kupita kuntchito, kudzera kogula zinthu, kukatenga mwana, mwina kuchipatala. Pa basi, kuima kulikonse ndi tikiti ina ndi kudikira kwina. Onjezani mwana wotentha thupi pakati pa usiku, mvula, katundu wolemera, ndiponso kuthithikana komwe amayi ambiri amakumana nako ndi manja osadziletsa. Amene amati basi ndi yabwino kwa aliyense nthawi zambiri amakhala munthu woyenda yekha, wopanda chonyamula.

Komabe musaganize kuti galimoto imauluka. Pa nthawi imene aliyense akupita kuntchito, mudzaima pa mdipiti womwewo umene basi imaima, phazi pa buleki, injini ikumwa mafuta muli chiimire. Mukafika mudzafunika malo oimika, ndipo ngati kuntchito kwanu kulibe aulere, imeneyo ndi bilu ya tsiku ndi tsiku. Ola lokhala pa chiwongolero silanu: simungawerenge, simungayankhe uthenga, simungatseke maso. Wokwera basi amene wapeza mpando angachite zonsezo. Ndipo musadalire kuti misewu ikakulitsidwa zinthu zisintha. Mu 2011 akatswiri a zachuma Gilles Duranton ndi Matthew Turner anasonyeza kuti m'mizinda ya ku America makilomita oyendedwa ndi magalimoto amakula pafupifupi mofanana ndi mmene misewu ikuluikulu yakulira. Msewu watsopano umaitana magalimoto atsopano. Mizinda imene inapeza mpumulo inapatsa mabasi njira yawoyawo: Curitiba ku Brazil inayamba mu 1974, Bogotá ku Colombia mu 2000, Dar es Salaam mu 2016. Pa njira zoterezi basi imadutsa magalimoto ataima. Ngati kumene mukukhala kuli njira yotere kapena sitima, ngakhale pa gawo limodzi la ulendo wanu, chiwerengero chonse chimasintha. Ndinenepo pang'ono kuti kutchipa kokha sikukopa anthu. Tallinn, likulu la dziko la Estonia, inachotsa malipiro a basi kwa anthu okhala mumzindamo mu 2013, Luxembourg inachita chimodzimodzi dziko lonse mu 2020, koma eni magalimoto ambiri sanasiye magalimoto awo. Munthu amasiya galimoto basi ikamabwera pafupipafupi ndi pa nthawi yake, zomwe inu mukusowa.

Za ngozi ndinene mwachidule. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Kumene malamulo amatsatidwa, wokwera basi yaikulu amakhala wotetezeka kuposa wa m'galimoto yaing'ono pa mtunda wofanana. Kumene mabasi amanyamula mopyola muyezo, pa matayala otha, madalaivala akuthamangitsana kulimbirana okwera, mwayi umenewo umachepa, ndipo inu mukudziwa bwino mabasi amene mumakwera. Simunanene ngati munayendetsapo kale galimoto. Ngati laisensi yanu ndi yatsopano kapena mulibe, onjezani ndalama ya sukulu yoyendetsa, ndipo dziwani kuti chaka choyamba ndi chimene dalaivala amalakwitsa kwambiri.

Pakati pa kugula ndi kupirira pali njira zingapo zimene anthu amazidumpha. Yoyamba imene ndimaikonda ndi kupatula ndalama ya takisi. Ngati masiku ovuta ndi anayi kapena asanu pamwezi, takisi ya masiku amenewo, kapena ya gawo lachiwiri lokha la ulendo, kawirikawiri imatchipa kuposa inshuwalansi ndi chiwongoladzanja pamodzi. Mwagula phindu la galimoto pa tsiku limene mukulifuna, popanda kuidyetsa itagona. Ina ndi kukwera ndi mnzanu wolowera njira yomweyo n'kumathandizana mafuta; mwini galimotoyo angofunsa kaye a inshuwalansi ngati amalola, chifukwa ena amaona kulandira ndalama kwa okwera ngati bizinesi. Funsaninso abwana anu ngati mungayambe ntchito mphindi 30 msanga n'kuweruka msanga. Ndaona anthu akupulumutsa ola lathunthu pa tsiku ndi kasinthidwe kakang'ono kotere, chifukwa kuchuluka kwa anthu pa siteji kumafika pachimake kwa nthawi yochepa. Ngati kuli tikiti ya mwezi wonse, iwerengereni. Ngati gawo limodzi la ulendo ndi kilomita imodzi kapena iwiri, kuyenda wapansi kapena pa njinga mwina n'kofulumira kuposa kudikira basi yachiwiriyo.

Musanasaine kalikonse, chitani zinthu ziwiri, ndipo muchite limodzi ndi amuna anu kuti ziwerengero zikhale za nonse. Kwa masabata anayi lembani m'kabuku nthawi yochoka panyumba, mphindi zodikira pa siteji iliyonse, nthawi yofika, ndi ndalama iliyonse ya mayendedwe ya banja lonse, ya ana ndi ya bambo yomwe. Tsiku limodzi pemphani mnzanuyo akutengeni pa galimoto pa nthawi yanu yeniyeni yopita kuntchito, osati Lamlungu masana, muone kusiyana kwa mphindi. Chachiwiri, yesani kukhala ngati mwagula kale. Kwa miyezi itatu, tsiku la malipiro, sungani padera ndalama imene banki ikanadula, gawo la mwezi la inshuwalansi ndi msonkho, ndi kena kake ka kugalaja. Mukakwanitsa popanda kukongola kwina kapena kuchepetsa za ana, ndiye kuti galimoto mungaithe, ndipo muli kale ndi thumba la tsiku loipa. Mukalephera, mwaphunzira popanda kutaya kanthu. Lamulo langa, lomwe ndi langa ndekha, n'loti ndalama zonse za galimoto zikapyola gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama imene banja limalandira m'manja pamwezi, nyumbayo iyamba kugwirira ntchito galimoto.

Potengera zimene mwalemba, ine sindingatenge ngongoleyi panopa. Mtunda ndi waufupi, galimoto ndi yokalamba, ndalama ndi yobwereka, ndipo zitatuzi zikakumana ndi pamene anthu amapsa. Maganizo anga angasinthe ngati kabuku kaja kasonyeza kuti galimoto izinyamula anthu atatu kapena anayi tsiku lililonse, inu, bambo ndi ana, kapena kuti ikupulumutsani maola awiri pa tsiku, kapenanso ngati kuchedwaku kwayamba kuika ntchito yanu pachiswe. Angasinthenso mutakhala kuti mungalipire theka la mtengo ndi ndalama yanu n'kubwereka zotsalazo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Mukaganiza zopitiriza, pali anthu atatu oti muwaone. Kubanki musafunse ndalama ya pamwezi yokha. Afunseni akulembereni ndalama yonse imene mudzakhala mutabweza pakutha kwa zaka zitatu, ngati chiwongoladzanja chingasinthe pakati, ndi chilango chimene chilipo mukafuna kumaliza msanga. Ngati muli kale ndi ngongole ina, kaonaneni ndi mlangizi wa zachuma amene sakugulitsani kanthu. Kwa a inshuwalansi tengani mtengo wolembedwa, ndipo mumvetse kusiyana kwa inshuwalansi yolipira anthu ena okha ndi yolipiranso galimoto yanu. Pa galimoto ya ngongole, yoyambayo imakusiyani pamtetete ikabedwa kapena kuphwanyika. Wachitatu ndi makaniko wosankha inu, osati amene amakonzera mnzanuyo. Aikweze aone pansi ngati pali dzimbiri kapena podontha, atsegule potsira oyilo aone ngati mulibe thovu loyera losonyeza kuti madzi akulowa mu injini, aiyendetse amve mmene magiya akulowera, ndipo afunse tsiku ndi makilomita amene lamba uja anasinthidwa, ngati injiniyo ndi ya lamba osati ya tcheni. Onani mapepala kuti dzina ndi la wogulitsayo, nambala ya chasisi ikugwirizana, ndipo galimotoyo si chikole cha ngongole ina. Popeza ndi mnzanu amene muzionana naye tsiku ndi tsiku, lembani pangano lonse papepala, ndipo mumufunse mwaulemu chifukwa chimene akugulitsira. Tsiku loyeza, mumuuze asailize m'mawa. Makaniko akhudze yekha injini kuti ndi yozizira, kenako aime kumbuyo aone mtundu wa utsi umene utuluke ikangoyaka.